Tikka, Howa kapena Brno ya amalume: ndigule iti?

Mabvuto wa ku Chelstone:
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Za mapepala kupolisi zikuyenda bwino, ndiye yakwana nthawi yoti ndisankhe mfuti yanga yoyamba. M'sitolo ndaona ziwiri zimene thumba langa lingapirire: Tikka T3x Lite ya zipolopolo za .308 ndi Howa 1500 ya zipolopolo za .30-06. Howa ndi yotsikirapo mtengo. Yachitatu ndi Brno ZKK 600, nayonso .30-06, ya amalume anga ku Katete. Maso awo ayamba kuvuta, ndiye akuti ngati ndikuifuna tisinthe dzina, ndingowapatsako kangachepe. Nyama zimene ndikulinga ndi nswala, njiri, kapena ngoma zikayenda bwino. Mwa zitatuzi yolasa bwino ndi iti, nanga yolimba ndi iti? Ndithandizeni ndisanataye ndalama.

Dalitso .308:
Usavutike m'bale wanga, tenga Tikka. Imapangidwa ku Riihimäki ku Finland, fakitale imodzimodzi ndi mfuti za Sako. Kampaniyo imalonjeza kuti zipolopolo 3 zigwera mkati mwa 1 MOA, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 29 pa mtunda wa mamita 100. Yanga ikapeza zipolopolo zimene imakonda imachita kuposa pamenepo. Bolt yake, chitsulo chokankhira chipolopolo mu barrel, ndi yofewa, chala chimodzi chimakwana. Trigger umaisintha wekha pakati pa kilogalamu 1 ndi 2. Kulemera kwake ndi makilogalamu 3 basi popanda scope (galasi lolozera), ukhoza kuyenda nayo tsiku lonse. Ukufunanso chiyani?

Sakala wa ku Nyimba:
Dikirani a Tembo adzuke. Akangomva fungo la pulasitiki, muona.

A Tembo a ku Chilenje:
Ndadzuka kalekale a Sakala, ndimangowerenga.

Mabvuto mwana wanga, usanabwerere kusitoloko kwera basi pa Intercity, upite ku Katete ukaione mfuti ya amalume akoyo. ZKK anayamba kuipanga ku Czechoslovakia m'zaka za m'ma 1960, motsatira nzeru ya Mauser ya 1898. Zinali zitatu. Ya 600 inali ya zipolopolo zazitali ngati .30-06, .270 ndi 7x57. Ya 601 inali ya zazifupi ngati .308 ndi .243. Ya 602 ndiye ya zikuluzikulu, .375 ndi .458. Funsa aliyense amene ankayenda ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa, masiku amenewo, akuuza kuti 602 inali paphewa pa alenje ambiri operekeza alendo. Sanaikondere kukongola ayi, poti ikamachokera kufakitale imakhala yokhakhala ndithu. Anaikondera kuti inali yotsika mtengo, magazine yake imalowa zipolopolo 5 za .375, ndipo fumbi la mu October silinkaiimitsa. Chitsulo ndi mtengo basi. Palibe kachidutswa kamene kangagwere m'udzu iwe osadziwa.

Dalitso .308:
Pepani a mdala, koma mnyamatayu sakukaperekeza alendo kwa njovu. Akufuna nswala. Mfuti ya zaka 50 singapikisane ndi makina a masiku ano pa chandamale. Bweretsani Brno yanu Loweruka, ine ndibweretsa Tikka, tiyeze mabowo ndi rula.

A Tembo a ku Chilenje:
Pepala silithawa, mwana wanga. Silinunkhizanso mphepo.

NaPhiri wa ku Chisamba:
Ndiloleni ndilowererepo, poti kufamu kuno timachepetsa nswala zikachulukitsa, ndipo ndimaona mfuti za alendo zamitundumitundu. A Dalitso akunena zoona kuti pa benchi Tikka kawirikawiri ipambana. Koma tiyeni tiwerengere pang'ono. Malo a mtima ndi mapapo a nswala ndi aakulu ngati kambale ka ndiwo, masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Mfuti imene anyamata amainyoza kuti ndi ya 2 MOA, pa mamita 150 zipolopolo zake zimamwazika mkati mwa masentimita osakwana 9. Ya 1 MOA, theka la pamenepo. Zonse ziwiri zalowa m'malo oyenera, nyama yagwa chimodzimodzi. Ndipo m'tchire la kwathu kuno ndi kangati pamene umaona nyama poyera kupitirira mamita 150? Kupatula ku Kafue Flats, kumene lechwe imakuonera patali ndipo ulibe pobisala, kwina konse mitengo ndi udzu zimakukakamiza kuyandikira.

Chimene chimaphonyetsa anthu n'china. Munthu wayenda padzuwa, thukuta lili m'maso, mtima uli thi thi thi, waika mfuti pa timitengo totsamirapo powombera, nswala yatembenuka n'kumuyang'ana. Pamenepo yemwe uja amadzitama ndi group (kuyandikana kwa mabowo pa chandamale) ya mamilimita 20 pa benchi amamwaza masentimita 20. Ndaziona ndi maso angawa, ndi mfuti zodula kuposa galimoto yanga.

Dalitso .308:
Ndiye mukutanthauza kuti kulasa bwino kulibe ntchito, amayi?

NaPhiri wa ku Chisamba:
Kuli ndi ntchito achimwene, koma pali pamene kumakwanira. Ine chimene ndimafunsa mfuti ndi ichi: chipolopolo choyamba, barrel ili yozizira, chigwera pamene chinagwera mwezi watha? Pa uzimba choyambacho ndiye zonse. Chachiwiri umawombera nyama ikuthawa kale.

A Zulu mmisiri:
Moni nonse. Ndinali ndi ntchito m'manja, ndangoona tsopano kuti mwayamba popanda ine.

Ndiyambe ndi nkhani ya group, chifukwa anyamata ambiri amanditumizira zithunzi za mabowo atatu ogundana n'kumati mfuti yawo ndi yoopsa. Zipolopolo 3 sizinena zambiri. Ukawombera magroup khumi, imodzi idzagundana mwamwayi, ndipo ndi yomweyo imene imafika pa foni. Zina zisanu ndi zinayi zimapita kudzala. Ukafuna kuidziwa mfuti, wombera 5, dikira izizire, wombera 5 zina pa pepala lomwelo osasintha chilichonse. Chimene chatuluka pamenepo ndicho mfuti yako. Komanso barrel yopyapyala ngati ya T3x Lite imatentha msanga, ndiye ukathamangitsa zipolopolo mabowo amayamba kuyenda. Si vuto ayi, anaipangira kunyamula, osati mpikisano.

Tsono za kapangidwe. Howa mwaisiya pambali koma ine ndi imene ndimaiyang'ana kawiri. Imapangidwa ku Japan, ndipo Weatherby Vanguard imene anthu amaitamanda ndi Howa yomweyo yovala malaya ena. Thupi lake ndi chitsulo chosulidwa, pansi pake ndi pafulati, ndipo recoil lug, kaphazi kaja kamene kamalandira mphamvu yonse mfuti ikakankha, ndi chitsulo chimodzi ndi thupilo. Bolt ndi chogwirira chake nazonso ndi chitsulo chimodzi, palibe chowotcherera. Pa Tikka recoil lug ndi kachitsulo kapadera kokhala mu stock, thupi la mtengo kapena pulasitiki logwirira mfuti. Pa T3 yakale kanali ka aluminium, ndipo kankanyenyeka pa zipolopolo zamphamvu. Pamene anatulutsa T3x mu 2016 anasintha n'kuika ka steel, anakulitsa potulukira kesi (chikopa chotsala chipolopolo chikawomberedwa), n'kuchotsanso pulasitiki ya kumbuyo kwa bolt. Ndiye anamva madandaulo a anthu, tiwayamikire. Koma magazine ndi trigger guard zikadali pulasitiki.

Pamene Howa imafooka ndi pa stock. Ija ya rabala ya Hogue imagwirika bwino m'manja mwa thukuta, koma kutsogolo kwake ndi kofewa. Ukaitsamiritsa mwamphamvu pa timitengo kapena kukoka lamba, imatha kukhudza barrel, chipolopolo n'kupita kwina. Imalemeranso, pafupifupi theka la kilogalamu kuposa Tikka.

Dalitso .308:
Mwamva nokha. Theka la kilogalamu padzuwa la kuchigwa si masewera.

A Zulu mmisiri:
Theka lomwelo ndi limene limateteza phewa lako. Mfuti yopepuka imamenya kwambiri. Munthu woyamba kumene akamenyedwa kangapo amayamba kutsinzina asanakoke trigger, ndipo matenda amenewo kuwachotsa ndi ntchito yaikulu kuposa kunyamula theka la kilogalamu.

Sakala wa ku Nyimba:
Mlamu wanga amatsinzina maso onse awiri. Akuti amaona ndi mtima.

Mabvuto wa ku Chelstone:
Zikomo kwambiri, ndikuphunzira. A Tembo, paja munati nzeru ya Mauser. Ndimamva anthu akuti controlled feed, push feed, koma kunena zoona sindidziwa kusiyana kwake. Ndi chinthu choti ndidandaule nacho?

A Tembo a ku Chilenje:
Wafunsa bwino. Pa Mauser, pa ZKK, pa CZ 550 ndi pa Winchester Model 70 yakale, m'mbali mwa bolt muli chikhadabo chachitali chachitsulo. Chipolopolo chikamakwera kuchokera m'magazine chimalowa pansi pa chikhadabocho nthawi yomweyo, ndiye chagwidwa kuyambira pachiyambi mpaka kesi itatayidwa kunja. Kaya mfuti wapendeketsa, kaya ukuthamanga, kaya wabweza bolt pakati panjira, chipolopolo chimatsatira bolt. Pa Tikka, pa Howa, pa Remington 700, bolt imangokankha chipolopolo kutsogolo, ndipo kachikhadabo kakang'ono kamachigwira pamene watseka. Tsono taganiza munthu wachita mantha, wakankha bolt osatseka, waibwezanso n'kukankhanso. Choyamba chatsala m'chamber, polowera chipolopolo kumbuyo kwa barrel, chachiwiri chabwera kudzachigunda kumbuyo. Mfuti yatsamwa. Ngati kutsogolo kwako kuli nswala, mungoseka n'kubwerera ku kampu. Ngati kuli njati yovulala m'mabango, nkhani ndi ina.

A Winchester anachotsa chikhadabocho mu 1964 pofuna kuchepetsa ndalama zopangira. Alenje anadandaula mpaka anachibwezeretsa m'zaka za m'ma 1990. Mpaka lero Model 70 yopangidwa 1964 isanafike imagulidwa modula. Si ine ndinawauza anthu amenewo.

Dalitso .308:
Koma a mdala, Remington 700 yakhala push feed kuyambira 1962, ndipo asilikali a ku America anaitenga n'kupanga M24 ndi M40, mfuti za ma sniper awo. Anthu amenewo amapita kunkhondo, osati kukasaka njiri. Akanaitenga ikanakhala yotsamwatsamwa? Vuto limene mukunenalo ndi la munthu wosadziwa kukoka bolt. Koka mpaka kumapeto, kankha mpaka kumapeto, palibe chotsamwa.

A Tembo a ku Chilenje:
Sniper amagona pamimba, mdani ali kutali. Njati imakupeza uli chilili, ili pa mamita 10.

A Zulu mmisiri:
Nonse muli ndi mbali yanu, koma pa nyama zimene Mabvuto watchula nkhaniyi ndi yaing'ono. Push feed imagwira ntchito bwinobwino. Ndipo chikhadabo chachikulu chili ndi mwambo wake. Pa Mauser zambiri zakale suyenera kuponya chipolopolo m'chamber ndi dzanja n'kumenyetsa bolt, chifukwa chikhadabo sichinapangidwire kulumpha mkombero wa kesi. Chipolopolo chizichokera m'magazine nthawi zonse. Anthu amathyola zikhadabozo, zimene timati ma extractor, motero, ndipo kupeza ya ZKK lero mu Lusaka muno si kupita pa Kamwala n'kubwerako nayo. Ichi a Tembo sananene. Mfutiyo inasiya kupangidwa kalekale, ngakhale CZ 550 imene inailowa m'malo anaisiyanso, tsopano akupanga CZ 600 imene ndi kapangidwe kena kotheratu.

A Tembo a ku Chilenje:
Sindinanene chifukwa siithyoka.

A Zulu mmisiri:
Ikanakhala kuti mfuti zakale sizithyoka bwenzi ana anga akugona ndi njala, akulu.

Mwale wa ku Matero:
Pepani ndalowa mochedwa. Bwanji simukutchula 6.5 Creedmoor? Pa YouTube aliyense akunena za imeneyo. Siimenya phewa, ndipo imalasa patali kuposa .308. Savage 110 kapena Ruger American ya Creedmoor bwanji?

NaPhiri wa ku Chisamba:
A Mwale, Creedmoor ndi chipolopolo chabwino, a Hornady anachitulutsa mu 2007 chifukwa cha mpikisano wowombera patali. Koma a pa YouTubewo akatuluka pakhomo amapeza mabokosi ali mbwee m'sitolo. Ife kuno umagula chimene chafika. Ine m'kuona kwanga .30-06, .308 ndi .375 ndi zimene sizisowa nthawi yaitali, kaya ndi PMP ya ku South Africa, kaya Sellier & Bellot ya ku Czech. Mfuti yolasa bwino yopanda zipolopolo ingokhala m'kabati nyengo yonse.

Ndipo pamenepa pali china chimene a Dalitso anachitchula modutsa: "zipolopolo zimene imakonda". Lonjezo la 1 MOA lija limayenda ndi zipolopolo zapamwamba. Ukasintha mtundu, kapena kuchoka pa zolemera 150 grain kupita pa 180, malo ogwera amasuntha, nthawi zina masentimita angapo. Ndiye ukapeza zimene zikuyenda bwino, gula zambiri za mtundu womwewo mmene laisensi yako ikulolera, uikonzere scope pa zomwezo, usasakanize.

Mwale wa ku Matero:
Nanga Savage yeniyeniyo?

A Zulu mmisiri:
Savage 110 ndi yakale kuposa mmene anthu amaganizira, inatuluka mu 1958. Barrel yake imamangidwa ndi nati, ndiye headspace, kampata kamene chipolopolo chimakhalamo bolt ikatsekedwa, amaikonza molondola mosavuta, n'chifukwa chake zambiri zimalasa bwino ngakhale zili zotsika mtengo. Kukongola ndiye kulibe, ndipo bolt yake siyenda ngati ya Tikka. Za Remington 700 ndingoti ukapeza yogwiritsidwa kale ntchito, funsa za trigger. Mu 2014 kampaniyo inaitanitsa mfuti za trigger ya X-Mark Pro zopangidwa kuyambira 2006 kuti zikakonzedwe, poti zina zinkatha kulira munthu asanafune. Zimene zinabwera kuno sitidziwa kuti ndi zingati zinabwererako. Koma tisamusokoneze mnyamatayu, ali ndi zitatu kale.

Mabvuto wa ku Chelstone:
Ndithudi mutu wayamba kutentha. Pakati pa .308 ndi .30-06 pali kusiyana kwenikweni pa ngoma?

Dalitso .308:
Ngoma siidziwa. Chipolopolo ndi chimodzimodzi kukula kwake, kesi ndi imene imasiyana. Pa 150 grain .308 imathamanga pafupifupi mamita 860 pa sekondi, .30-06 imaposa ndi mamita 30 okha.

A Tembo a ku Chilenje:
Apa ndiye tagwirizana, lembani tsiku. Kungoti ukafuna zolemera, 180 kapena 200 grain, za ntchefu kapena mbidzi, .30-06 ili ndi malo ambiri a onga, imazinyamula bwino. Chipolopolo cha 1906 koma mpaka lero sichinapume.

Oyang'anira gulu:
Ndikumbutseko pang'ono poti nkhani ya mfuti ya amalume yatchulidwa. Pagulu pano sitigulitsirana mfuti kapena zipolopolo, ndipo kusintha dzina kumadutsa kupolisi, osati kungopatsana pakhonde. Za nyama nazonso, kaya ndi ku Lupande, ku Luano kapena ku Rufunsa, laisensi imachokera ku DNPW, dipatimenti ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, amene analowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la 2015, ndipo likulu lawo lili ku Chilanga. Mu GMA, madera oyandikana ndi mapaki kumene kusaka kumaloledwa, umayenda ndi scout, mlonda wa nyama, ndipo umapha chokhacho chimene chalembedwa papepala. Wofuna njira yachidule asatilembere pano. Pitirizani.

Mabvuto wa ku Chelstone:
Zamveka bwana. Zonse zidutsa m'njira yake. A Zulu, ndikafika ku Katete ndikayang'ane chiyani pa mfutiyo? Amalume akuti ili bwinobwino, koma mwini chinthu sanena zoipa.

A Zulu mmisiri:
Choyamba onetsetsa wekha kuti mulibe chipolopolo, ngakhale amalume atalumbira. Kenako chotsa bolt, loza barrel kumene kuli kuwala, suzumira kuchokera kumbuyo. Mizere ya mkati ioneke yakuthwa ndi yowala. Ukaona mdima, kapena timaenje ta dzimbiri, makamaka chakutsogolo kwa chamber, dziwa kuti mfuti inagonekedwa yosapukuta. Mfuti zambiri za kumudzi zimafa ndi chinyezi cha nyengo ya mvula, osati ndi kuwombera. Munthu amawombera zipolopolo zisanu pachaka, barrel singathe ndi zimenezo, koma imatha ndi kukhala kuseri kwa kabati kuyambira December mpaka April yopanda mafuta. Zina mavu amamangamo nyumba, si nthabwala.

Ukatero yang'ana kukamwa kwa barrel, pamene timati crown. Apa ndi pamene chipolopolo chimatsanzikira mfuti, ndipo pakakhala kachilema ngakhale kakang'ono mpweya umatuluka mbali imodzi n'kuchipotoza. Alenje akale ankakonda kuika mfuti m'galimoto kukamwa kuli pansi, pa mchenga ndi timiyala, komanso kupukuta ndi waya kuchokera kutsogolo. Nkhani yabwino ndi yakuti crown ndimaikonza mosavuta, pamene barrel yodyeka ndiye basi.

Pa mtengo wa stock, yang'anitsitsa kumbuyo kwenikweni kwa chitsulo, pamene dzanja lamanja limagwira, ndi pakati pa magazine ndi trigger. Ming'alu imayambira pamenepo, yopyapyala ngati tsitsi. Mtengo ukada bii ndi kufewa pafupi ndi chitsulo ndiye kuti unamwa oyilo zaka zambiri. Yesa masikuluwu awiri apansi ngati ali omangika. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine kuti mfuti yasiya kulasa, ndimangomanga masikuluwu n'kuwalipiritsa ya Fanta. Headspace sungaiyeze ndi maso, imeneyo idzafuna ma gauge anga dzina likasintha.

NaPhiri wa ku Chisamba:
Muwauzenso za safety, a Zulu. Chimenecho ndi chimene ine chimandidetsa nkhawa pa ZKK.

A Zulu mmisiri:
Eya, mwachita bwino. Safety ya ZKK imayenda chosemphana ndi mfuti zambiri. Pa Tikka, pa Howa, pa Remington umakankhira kutsogolo kuti uwombere. Pa ZKK umakokera kumbuyo, kutsogolo ndiye kutseka. Kwa Mabvuto amene alibe chizolowezi china si vuto lalikulu, chala chidzaphunzira chimenecho. Choopsa ndi kubwerekana, kapena kukhala ndi mfuti ziwiri zosiyana. Munthu amaganiza kuti watseka pamene watsegula.

A Tembo a ku Chilenje:
Ndi ngati kukoka hammer ya mfuti zakale, chala chachikulu chimadziwa chokha. Koma ndivomere, mlendo sindimubwereka yanga. Ndipo safety yeniyeni ndi kuyenda chamber ili yopanda kanthu mpaka nyama waiona.

Dalitso .308:
Ndiye mwaona: zopangira zosowa, safety yachilendo, mtengo umene umatupa mvula ikagwa. Nyengo yathu yosaka imalowa mu November ndi December, mvula yayamba. Stock ya mtengo ikamwa chinyezi imapindika n'kukankha barrel, zero yapita, chipolopolo sichigweranso pamene scope yaloza. Pulasitiki imene mukuinyozayo siidziwa kuti kunja kwagwa mvula.

A Zulu mmisiri:
Apa ndikupatsa, Dalitso. Koma mankhwala ake alipo ndipo ndi otsika mtengo. Timapala mkati mwa stock kuti barrel isakhudze mtengo, timathira epoxy pamene chitsulo chimakhala, n'kumata mkati monse kuti madzi asalowe. Ukatha, tenga ndalama yapepala, ipise pansi pa barrel, iyende momasuka mpaka pafupi ndi chamber. ZKK yokonzedwa motero, barrel ili yabwino, ndaziona zikuchita pakati pa 1 ndi 1.5 MOA ndi zipolopolo wamba za m'sitolo. A NaPhiri awerengera kale kuti zimenezo zikutanthauza chiyani pa nswala.

Sakala wa ku Nyimba:
Agogo anga anadyetsa mudzi wonse ndi .303 ya nkhondo ya Hitler, yomanga ndi mphira wa njinga. Inu mukukangana za mamilimita.

A Zulu mmisiri:
Lee-Enfield ija inali yolimba, bolt yake yachangu, magazine ya zipolopolo 10. Koma zambiri zimene zatsala mkati mwake munatha, chifukwa zipolopolo zakale za asilikali zinali ndi primer, kachinthu koyatsa onga, ya mchere imene imadya chitsulo ukapanda kutsuka ndi madzi otentha. Komanso agogo anu ankayandikira mpaka kumva nyama ikutafuna. Funsani zimene zinathawa ndi mabala.

NaPhiri wa ku Chisamba:
Ine ndibwerere ku thumba la a Mabvuto, poti ndi pamene nkhani yagona. Palibe amene watchula scope. Anyamata amathera ndalama zonse pa mfuti, kenako n'kugula scope ya pamsika ndi ma ring ofewa. Chaka chatha kunabwera mlendo ndi mfuti yatsopano yokongola, koma scope yake inkasuntha pa chipolopolo chilichonse. Tinatha bokosi lonse pa chandamale osapeza pakati, mapeto ake anabwereka ya pafamu. Msewu wopita kuchigwa mukuudziwa mmene umagwedezera galimoto. Scope yotchipa siifika ili moyo.

Ndiye ngati Brno ili bwino mkati, ine ndingatenge imeneyo, ndalama yotsalayo ndigule 3-9x40 ya kampani yodziwika, ma ring achitsulo, ndi mabokosi angapo a zipolopolo zophunzirira pa timitengo, osati pa benchi pokha. Ngati barrel yake yadyeka, ndingatenge Howa pa chifukwa chomwecho: imasiya chenji. Tikka ndi mfuti yabwino kwambiri, sindikuinyoza, koma Tikka ya scope yoipa imagonja kwa Howa ya scope yabwino tsiku lililonse.

Dalitso .308:
Nanga akasunga miyezi ina iwiri n'kugula Tikka ndi scope yabwino yomwe?

NaPhiri wa ku Chisamba:
Ndiye wachita bwino, bola agulenso magazine yachiwiri. Imalowa zipolopolo 3 zokha, ndipo chinthu chochotseka m'tchire chimatayika.

A Zulu mmisiri:
Za ma ring pa ZKK samalani. Pamwamba pake pali mipata yosemedwa m'chitsulo momwemo, ya mamilimita 19, yofanana ndi ya CZ 550, ndipo ring yakumbuyo ili ndi kadzino kolowa m'kabowo kuti isasunthe. Ma ring wamba a Weaver salowa. Ndi kapangidwe kolimba kwambiri chifukwa palibe timasikuluwu ta base toti timasuke, koma uyenera kupeza ake enieni. Chogwirira cha bolt chimakweranso m'mwamba ndithu, ndiye scope ya diso lalikulu kumbuyo imatha kugundana nacho ukaiika pansi kwambiri. Zoyambirira zinali ndi ka peep sight kobisika kumbuyo, kotumphuka ukadina kabatani. Ngati ya amalume ako ili nako, usalole munthu akuuze kuti ndi mfuti yachabe.

Mwale wa ku Matero:
Funso lomaliza kwa ine. Tsiku lina akadzafuna njati, .30-06 yomweyo ikwana?

A Tembo a ku Chilenje:
Ayi. Njati imayambira pa .375, ndipo scout sangakulole ndi yochepera. Holland & Holland a ku London anaitulutsa mu 1912, kesi yake ndi yosongoka pang'onopang'ono kuti izituluka mosavuta ngakhale kutentha kwakweza mphamvu ya onga. Ankadziwa kumene ikupita. Kuchigwa mu October kumapitirira madigiri 40, ndiye musamasiye zipolopolo pa dashboard, kaya ndi za mtundu wanji. Koma imeneyo ndi mfuti yachiwiri, Mabvuto ayambe wadya nswala.

Mabvuto wa ku Chelstone:
Zikomo nonse, mwandithandiza kuposa a m'sitolo. Kumapeto kwa mwezi ndipita ku Katete ndi tochi. A Zulu, ndikakutumizirani zithunzi za crown ndi mtengo muone. Ikakhala yodyeka ndibweranso tidzakambirane za Howa ndi Tikka.

A Zulu mmisiri:
Jambulanso manambala ndi zidindo za pa barrel kumanzere, pamakhala chaka chimene inayesedwa kufakitale. Ndipo uisiye komweko mpaka mapepala atatuluka, usakwere nayo basi.

Dalitso .308:
A Tembo, za Loweruka zija zikadalipo. Mamita 100, zipolopolo 5 aliyense.

A Tembo a ku Chilenje:
Ndibwera, koma pa timitengo, titaimirira, ndipo tiyambe tayenda wapansi kuchokera pa geti. Benchi mukhalepo a Sakala ndi rula yawo.

Sakala wa ku Nyimba:
Rula ndili nayo. Zipolopolo agula ndani?

Dalitso .308:
Woluza.

A Tembo a ku Chilenje:
Ndiye ubwere ndi ndalama, za .30-06 zakwera mtengo.